Kodi amayezadi ayezi wa kumalekezero a dziko, kapena n'zopeka za pakompyuta?

Mphunzitsi wina wa Geography pasukulu ya sekondale walemba kuti: "Ana anga a Fomu 3 andipanikiza. Buku likuti madzi oundana a panyanja ya Arctic akutha, ndipo mayendedwe a madzi a m'nyanja ya Atlantic akhoza kufooka. Mwana wina akuti, ngati azanyengo amaphonya mvula ya sabata yamawa, angadziwe bwanji za zaka 30 zikubwerazi, kumalo koti kulibe munthu? Wina wapeza pa intaneti nkhani yakale yoti ayeziyo adzakhala atatha pofika 2013. Kodi amayezadi, kapena amangopeka?"

Aphunzitsi, ana anuwo afunsa zanzeru, musawatseke pakamwa. Amayezadi. Koma si zonse zimene zimayezeka mofanana. Kukula kwa malo amene ayezi waphimba timakudziwa bwino kwambiri, tsiku ndi tsiku. Kuchindikala kwake timakudziwa movutikira. Madzi amene ali pansi pa ayeziyo ndiye ovuta kuwafika kuposa zonse, chonsecho ndi amene ali ndi mphamvu yaikulu pa zimene zidzachitike m'tsogolo. Nkhani zapawailesi zimaphatikiza zonsezi m'thumba limodzi, n'chifukwa chake mwana akapeza chimodzi cholakwika amataya zonse.

Choyamba, muwakonze pang'ono pa mawu oti kulibe munthu. M'mphepete mwa Arctic, nyanja ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mukukhala anthu kuyambira kalekale, monga a Inuit a ku Greenland, Canada ndi Alaska, amene amayenda ndi kusaka pamwamba pa ayezi, ndipo iwo anaona kusinthaku ndi maso awo. Pakati penipeni pa nyanja ndi pamene palibe midzi, ndipo pamenepo maso athu ndi masetilaiti.

Kuyambira kumapeto kwa 1978, pamene bungwe la ku America loona za m'mlengalenga la NASA linatumiza setilaiti ya Nimbus-7, pakhala pali makina m'mlengalenga oyeza ayezi wapanyanja mosalekeza. Makinawa sajambula chithunzi ngati kamera, chifukwa kumeneko kumakhala mdima miyezi ingapo ndipo mitambo siichoka. Amamva timafunde tosaoneka ta microwave timene chinthu chilichonse chimatulutsa chokha. Ayezi amatulutsa tambiri, madzi amatulutsa tochepa, ndipo timafundeti timadutsa mitambo usiku ndi usana. Nyanja imagawidwa m'timabokosi ta makilomita 25 mbali iliyonse, ndipo kabokosi kalikonse kamene ayezi waphimba magawo 15 pa 100 kapena kuposerapo kamawerengedwa kuti kali ndi ayezi. Bungwe la NSIDC la ku Boulder m'dziko la America limatulutsa chiwerengerochi, ndipo a ku Japan ndi a ku Ulaya amawerengeranso paokha ndi njira zawo. Amasiyana pang'ono pa manambala, koma onse amaona chinthu chimodzi.

Ayezi wa ku Arctic amakula kufika mu Malichi, n'kusungunuka kufika pakati pa Seputembala. M'zaka za m'ma 1980, wotsala mu Seputembala ankaphimba pafupifupi masikweya kilomita 7 miliyoni. Mu 2012 anatsika kufika 3.4 miliyoni, ndipo mpaka pano chaka chimenecho ndicho chotsikitsitsa. Zaka zambiri zaposachedwapa wakhala akutsala pakati pa 4 ndi 5 miliyoni. Malo amene atayikawo ndi aakulu kuposa dziko la Malawi maulendo 20. Izi zayezedwa, palibe ulosi uliwonse pamenepa.

Vuto limayamba tikafuna kudziwa kuchindikala. Ayezi wa mamita awiri amatulukira pamwamba pa madzi ndi masentimita pafupifupi 20 okha, wina yense ali m'madzi. Setilaiti ya CryoSat-2, imene a ku Ulaya anatumiza mu 2010, imawombera radar pansi kuchokera pamtunda wa makilomita oposa 700, n'kuyeza kutalika kwa pamwamba pa ayezi poyerekeza ndi madzi a m'ming'alu yapafupi. ICESat-2 ya NASA, ya 2018, imachita zofananazo ndi kuwala kwa laser. Taganizani: kuyeza masentimita 20 muli kutali makilomita 700. Mukaphonya sentimita imodzi, pa kuchindikala mwaphonya pafupifupi masentimita 10. Ndiye pali chipale chimene chimagwa pamwamba, chimene chimalemera n'kukankhira ayeziyo pansi. Kwa zaka zambiri akatswiri ankadalira miyezo ya chipale imene anthu a ku Soviet Union anatenga pakati pa 1954 ndi 1991, akukhala m'misasa pamwamba pa ayezi woyandama. Miyezo imeneyo ndi yamtengo wapatali, koma inatengedwa pa Arctic ya nthawi imeneyo, yomwe inali ndi ayezi wakale wochindikala. Ya lero ndi ina. Mu 1985, ayezi wa zaka zoposa zinayi anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ayezi yense wa mu Malichi. Lero safika magawo 5 pa 100. Miyezo ya sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, zimene zakhala zikudutsa kunsi kwa ayeziyu kuyambira 1958, imavomereza kuti wapyapyala kwambiri.

Ndikufuna ndichedwe pang'ono pa mmene madzi amchere amaundanira, chifukwa apa ndi pamene nkhani ya ayezi imakumana ndi nkhani ya mayendedwe a nyanja. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, choncho saundana pa 0 koma pa madigiri 1.8 kunsi kwa 0. Poyamba mumapangika timasingano ta ayezi tosawerengeka, ndipo pamwamba pa nyanja pamaoneka ngati pathiridwa mafuta. Kukakhala bata timasinganoti timalumikizana n'kukhala chikhungu chopyapyala chakuda chimene chimapindika ndi mafunde osasweka. Kukakhala mafunde timaumbika m'timibulu tathyathyathya timene timagundanagundana mpaka m'mbali mwake mutatukuka. Koma ayezi salola mchere kulowa m'thupi mwake. Wambiri amaulavulira m'madzi apansi, wotsalawo umakhala m'timinjira ting'onoting'ono n'kumadontha pang'onopang'ono. Madzi amene alandira mcherewo ndi ozizira kale, tsopano alemeranso, ndiye amamira.

M'mphepete mwa Antarctica, kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, makamaka m'nyanja za Weddell ndi Ross, mphepo yozizira yochokera kumtunda imakankha ayezi watsopano kumuchotsa kugombe, madzi n'kukhalanso poyera, n'kuundananso, n'kulavulanso mchere, nyengo yonse yozizira. Madzi olemera opangidwa kumeneko amatsetsereka mpaka pansi penipeni, n'kufalikira kunsi kwa nyanja za Atlantic, Indian ndi Pacific. Kumpoto nakonso, pafupi ndi Greenland ndi Norway, madzi ofunda amchere ochokera kum'mwera amataya kutentha kwawo n'kumira, n'kubwerera kum'mwera chapansi. Kuzungulira kwa ku Atlantic kumeneku ndi kumene buku lanu likunena, ndipo akatswiri amakutchula mwachidule kuti AMOC.

Kuti ana amvetse za kusanjikizana kwa madzi, atengereni ku nyanja yathu ya Malawi. Madzi apamwamba ndi ofunda, choncho ndi opepuka, ndipo amakhala ngati chivundikiro. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kupita pansi, madzi sasakanikirana ndi apamwamba, mulibe mpweya, ndipo nsomba sizikhalako. Mwera akawomba m'miyezi yozizira ndi pamene madzi ena akuya amakwera chakum'mwera kwa nyanja. Ku Arctic kulinso chivundikiro, koma kumeneko chimene chimalamula kulemera ndi mchere. Mitsinje ikuluikulu ya Ob, Yenisei, Lena ndi Mackenzie imathira madzi opanda mchere amene amayandama pamwamba ngakhale ali ozizira. Pansi pake, kuyambira mamita pafupifupi 200, pali madzi ofunda amchere ochokera ku Atlantic, okhala ndi kutentha kokwanira kusungunula ayezi yense wa ku Arctic atati akwere pamwamba. Chimene chikuteteza ayeziyo ndi chivundikirocho. Chakumpoto kwa Norway ndi Russia miyezo ikuonetsa kuti chayamba kufooka, ndipo kutentha kwapansi kukufika pa ayezi ngakhale m'nyengo yozizira. Setilaiti singaone zimenezi. Maso ake amathera pamwamba pa madzi.

Nanga kunsiko amayezako bwanji? M'nyanja zonse za padziko muli timakina toyandama ta Argo pafupifupi 4,000, ntchito imene inayamba cha m'ma 2000. Kalikonse ndi kachitsulo konga paipi, kotalika kuposa mita. Kamamira kufika mamita 1,000 n'kumatengeka ndi madzi masiku angapo, kenako kamatsika kufika mamita 2,000, n'kukwera kakuyeza kutentha ndi mchere. Pakatha masiku 10 kamatulutsa mutu, kutumiza zimene kapeza ku setilaiti, n'kumiranso. Kumalo a ayezi kachipangizoka kamasowa potulukira. Ena anakaphunzitsa kuti kakamva madzi apamwamba akuzizira kufika poundana kabwerere pansi, kasunge miyezo mpaka chilimwe, koma pamenepo sikadziwa bwino pamene kanali. A bungwe la Woods Hole amaboola ayezi n'kulendeweza chingwe chachitali chokhala ndi makina okwera ndi kutsika. Ku Antarctica ofufuza amamata timakina pamitu pa nyama zam'nyanja zotchedwa elephant seal, zimene zimamira mamita mazanamazana kunsi kwa ayezi kumene sitima sizifika, ndipo kamakinako kamagwa nyamayo ikamafundula ubweya. Njira zonsezi n'zanzeru, koma miyezo ya kumeneko ikadali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya nyanja zofunda. M'nyengo yozizira ndiye imachepa zedi. N'chifukwa chake mu Seputembala 2019 sitima ya ku Germany ya Polarstern inanyamuka ku Tromsø n'kukadzitsekera dala mu ayezi, kuti itengeke naye pafupifupi chaka chonse pa ulendo wa MOSAiC, potsata njira imene wofufuza wa ku Norway Fridtjof Nansen anayamba ndi sitima ya Fram mu 1893.

Pa za AMOC pali phunziro limene ndimalikonda kwambiri. Mu 2005 kunatuluka kafukufuku wonena kuti kuzunguliraku kwafooka ndi magawo 30 pa 100. Anachokera pa maulendo asanu a sitima, a mu 1957, 1981, 1992, 1998 ndi 2004. Koma m'chaka cha 2004 chomwecho, a ku Britain ndi a ku America anali atamangirira makina pansi pa nyanja kuchokera kufupi ndi Florida mpaka kufupi ndi Morocco, mzere wotchedwa RAPID, oyeza tsiku lililonse. Zotsatira za chaka choyamba zinaonetsa kuti m'chaka chimodzi chokha madziwo amatha kuyenda makyubiki mita 4 miliyoni pa sekondi tsiku lina, n'kufika pafupifupi 35 miliyoni tsiku lina. Miyezo isanu ija yonse inali mkati mwa kusinthasintha kwa masiku onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero tikudziwa kuti pakatikati pake ndi pafupifupi 17 miliyoni pa sekondi, pamene mitsinje yonse ya padziko lapansi itaphatikizana imangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Zaka 20 zoyeza n'zochepabe pa chinthu chimene chimasintha pa zaka makumimakumi, ndipo aliyense wokuuzani motsimikiza chaka chimene AMOC idzaime akunena zoposa zimene miyezo ikulola.

Tsopano za kompyuta. Modelo ndi masamu a malamulo a chilengedwe, omwewo amene ana amaphunzira mu Physics: kutentha sikutayika koma kumasamuka, mchere sutha, chinthu chikakankhidwa chimayenda. Nyanja ndi mlengalenga zimagawidwa m'mabokosi mamiliyoni, ndipo kompyuta imawerengera bokosi lililonse zimene zichitike m'mphindi zingapo zotsatira, n'kubwerezanso, mpaka zaka 100 zitakwana. Ayezi ndi wovuta kumulemba m'masamu. Mphepo ikamukoka amang'ambika mosavuta, ikamupanikiza amalimba n'kuthyoka, zidutswa zake n'kuunjikana kukhala mizere yotalika mamita angapo pamwamba ndi ochulukirapo pansi. Masamu amene William Hibler analemba mu 1979 ofotokoza khalidwe limeneli akadali maziko a mamodelo ambiri mpaka lero. Chovuta n'chakuti bokosi la modelo ya zaka zambiri limakhala lalikulu makilomita makumi angapo, mwina 100, pamene mng'alu wa mu ayezi ukhoza kukhala wa mamita 50 okha m'lifupi. Chonsecho m'nyengo yozizira ming'alu imeneyi imatulutsa kutentha kochuluka kwambiri kuposa ayezi wouzungulira. Ndi mmenenso zilili ndi timadziwe ta madzi osungunuka timene timadzaza pamwamba pa ayezi mu Juni ndi Julayi. Chipale choyera chimabweza pafupifupi magawo 80 pa 100 a kuwala kwa dzuwa, madzi a m'nyanja sabweza ngakhale magawo 10, ndipo timadziweti timadetsa ayezi n'kumuchititsa kumwa dzuwa lambiri. Zinthu zazing'ono ngati zimenezi modelo siiziona mwachindunji, imaziyerekeza ndi malamulo achidule, ndipo apa ndi pamene mamodelo amasiyanirana.

Funso la mwana uja loti ophonya mvula ya sabata yamawa angalose bwanji zaka 30 lili ndi yankho, ndipo yankho lake ndi loti maulosiwa ndi ntchito zosiyana. Ulosi wa masiku ochepa umadalira mphepo. Nansen anaona kale kuti ayezi amayenda pa liwiro la pafupifupi magawo 2 pa 100 a liwiro la mphepo, mokhotera kumanja kwake. Lero malo olosera zanyengo monga ECMWF ya ku Ulaya amalowetsa miyezo yatsopano ya ayezi m'modelo tsiku lililonse, ndipo oyendetsa sitima amaudalira. Mu Malichi 2022 sitima ya ku South Africa ya S.A. Agulhas II, yochokera ku Cape Town, inapeza chombo cha Endurance cha Ernest Shackleton chimene chinamira mu 1915, pakuya kwa mamita 3,008 m'nyanja ya Weddell, ndipo zithunzi za setilaiti ndi ulosi wa kayendedwe ka ayezi zinali mbali ya ntchitoyo.

Ulosi wa miyezi itatu kapena inayi ndiye wovutitsitsa. Kuyambira 2008 magulu ambiri amatumiza maulosi awo mu Juni, Julayi ndi Ogasiti onena kuchuluka kwa ayezi amene atsale mu Seputembala, ndipo onse amaikidwa poyera mu lipoti lotchedwa Sea Ice Outlook. Chaka chikakhala chawamba amalasa bwino, chikakhala chachilendo ambiri amaphonyera limodzi. Mu 2012 ambiri analosera ayezi wochuluka kuposa amene anatsala, mu 2013 analosera wochepa. Chifukwa chake n'chomveka: mu Ogasiti 2012 kunabuka chimphepo chachikulu pakati pa Arctic chimene chinaswa ayezi wofooka kale, ndipo palibe amene akanachiona ali mu Juni. Chimene chimathandiza ndi kudziwa kuchindikala kwa ayezi kumayambiriro kwa chilimwe, chinthu chomwe chija ndati chimayezeka movutikira. Njira zatsopano za AI, zimene kompyuta imaphunzira yokha, monga IceNet ya British Antarctic Survey ya mu 2021, zawonjezerako luso, koma nazonso zimaphunzira kuchokera ku miyezo yomweyo.

Ulosi wa zaka makumi sufunsa za mphepo ya tsiku lililonse. Umafunsa kuti kutentha kumene kukutsekeredwa m'dziko kukuchuluka motani. Kafukufuku wa Dirk Notz ndi Julienne Stroeve wa mu 2016 anapeza kuti pa tani iliyonse ya mpweya wa carbon dioxide imene anthu atulutsa, ayezi wa mu Seputembala wakhala akuchepa ndi pafupifupi masikweya mita atatu. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, linati zikuoneka kuti chaka cha 2050 chisanafike, padzakhala Seputembala mmodzi kapena kuposerapo pamene ayezi wa ku Arctic adzatsike kunsi kwa masikweya kilomita 1 miliyoni. Onani kuti silinatchule chaka. Nkhani ya 2013 ija inamveka kumapeto kwa 2007, ayezi atangogwa modzidzimutsa, ndipo inachokera ku gulu limodzi limene linatenga kutsika kwa zaka zochepa n'kukupitiriza kutsogolo. Ambiri mwa akatswiri sanagwirizane nayo ngakhale nthawi imeneyo. Chiyambire 2007 kutsika kwa mu Seputembala kwachita ngati kwaima kaye, komabe zaka zonse kuchokera pamenepo zili pansi pa chaka chilichonse cha m'mbuyo mwake. Mamodelo amaonetsa kuti kupumula kotereku kumachitika pakati pa kutsika kwa nthawi yaitali. Pa za AMOC, lipoti lomwelo linati idzafooka m'zaka za zana lino, koma pa funso loti ingaime mwadzidzidzi 2100 isanafike linayankha mosamala kwambiri, ndipo mkangano wake ukadalipo.

Kumene mamodelo anakhumudwa kwenikweni ndi ku Antarctica, ndipo ana anu ayenera kumva zimenezi kwa inu asanazipeze kwa anthu ofuna kunyoza sayansi yonse. Mamodelo ambiri ankati ayezi wapanyanja wa kumeneko azichepa, koma kuyambira 1979 anali kukula pang'onopang'ono, mpaka mu 2014 anapitirira masikweya kilomita 20 miliyoni. Kenako mu 2016 anagwa mwadzidzidzi ndipo sanabwererenso mwakale. Mu Febuluwale 2023 anatsala 1.79 miliyoni, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho, nthawi imene amayenera kukhala wochuluka, sanakwane 17 miliyoni, zonsezi zili zotsikitsitsa chiyambire kuyeza. Kafukufuku wambiri akuloza ku madzi ofunda amene anaunjikana kunsi, mamita mazana angapo, ndi kufooka kwa chivundikiro cha pamwamba. Ine ndimaona kuti apa pali phunziro lalikulu la ntchito yonseyi: modelo inalephera pamalo pomwe miyezo inali yochepa kwambiri. Ndalama zogulira makompyuta akuluakulu zimapezeka msanga kuposa zosungira makina m'nyanja zaka 30, koma zachiwirizi ndi zimene zikusowa.

Mwina ana afunsa kuti ife zikutikhudza bwanji. Ayezi woyandama akasungunuka sakweza nyanja kwenikweni. Amene amakweza nyanja n'kuopseza mizinda ngati Beira ndi ayezi wapamtunda wa ku Greenland ndi Antarctica, pamodzi ndi kufufuma kwa madzi akatentha. Mvula yathu ya chaka ndi chaka imamvera kwambiri El Niño ndi kutentha kwa nyanja ya Indian kuposa ayezi wa ku Arctic. Koma ulalo ulipo. Madzi ofunda amene amadutsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar amalowa m'mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas, ndipo ena mwa iwo amazungulira kunsonga ya South Africa n'kulowa mu Atlantic atanyamula mchere umene AMOC imafuna. Komanso mamodelo amagwirizana kuti AMOC itafooka kwambiri, lamba wa mvula wa ITCZ, amene muli naye m'silabasi, akhoza kusunthira chakum'mwera, zimene zingasokoneze mvula m'madera ambiri a Africa, makamaka ku Sahel, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Ngati pasukulu panu pali foni ya intaneti, yesani izi. Tsamba la NSIDC lili ndi chithunzi cha mizere ya zaka zonse kuyambira 1979, chaulere. Mu Juni, musanatseke teremu yachitatu, aonetseni anawo pamene mzere wa chaka chino wafika, ndipo aliyense alembe papepala nambala imene akuganiza kuti ayezi atsale nayo pakati pa Seputembala, ndi chifukwa chake. Gulu lina lingotenga pakatikati pa zaka 10 zapitazi, lina litsate kutsika kwa zaka zonse, lina liyang'ane za chaka chino chokha. Mapepalawo muwasunge mu envelopu. Akadzabwerera ali Fomu 4 nambala yeniyeni idzakhala itatuluka kapena ili pafupi kutuluka, ndipo mudzathe kuika maulosi awo pambali pa a akatswiri a mu Sea Ice Outlook ya chaka chomwecho, ngati yatuluka.